Nanzikambe pa njira ya ku mayeso

Zikomo aulutsi. Ndine mtsikana wa Sitandade 8 kuno ku Matandani. Pagulu ndimachita manyazi, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Tsiku loyamba mayeso amayi anandiperekeza, abambo tinawasiya ali gone ndi chifuwa. Titatsika phiri, tinapeza nanzikambe akukumba dzenje pakati pa njira. Kwathu kuno amenewo ndi malodza, amati akukumba manda a m'bale wako.

Amayi anandigwira dzanja. "Tiye tibwerere mwanawe. Bambo ako aja!"

Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo. Koma m'manja ndinali ndi pensulo imene abambo anandisongolera okha m'mawa umenewo, akutsokomola. Ndinagwada.

"Pepani amayi, bwererani inuyo. Ine ndikalemba."

Ndinalemba mayesowo makutu ali panja kumvetsera ngati kumveke kulira. Titaweruka ndinathamanga njira yonse. Pafupi ndi nyumba ndinamva chifuwa chija, ndipo mtima unakhala pansi.

"Iwe, pensulo ija sinathyoke?" anandifunsa abambo.

Amayi sakundilankhulabe bwinobwino, akuti malodza sachita changu. Mantha ndili nawo ndithu. Koma mawa kuli Masamu, ndipo ndidzadutsa njira yomweyo.