Mnofu Wotsalira M'chikhakha

Bambo wonyamula katundu anakhala m'chikhakha masabata asanu ndi atatu atathyoka mwendo, ndipo bwana wake anali atanenetsa kuti Lolemba pali firiji yoti ikwere masitepe, akalephera ntchito yatha. Ndiye namwino atangodula chikhakhacho n'kuchikanula, munthu wamkulu ndi ndevu zake anakuwa ngati waponda moto.

"Mayo ine! Mwendo wa ndani uwu?"

"Wanu," anatero namwino.

"Wanga unali ndi katumba, mayi! Uwu ndi mpini wa tsache!"

Namwino anayang'ana pakhadi. "Wakumanzere. Ndi womwewu."

"Ndiye mnofu watsalira m'chikhakhamo. Tachigwedezani."

Namwino uja sankadziwa nthabwala. Anatola chikhakha, anachigwedeza, n'kusuzumiramo. Munagwa kawaya ndi chivindikiro cha bolopeni.

"Izi ndi zanu?"

"Ndinkakandira. Ine ndikunena mnofu!"

"Mnofu sukhala chikhalire, bambo. Tsiku lililonse thupi limagumulako pang'ono, n'kumangaponso. Mukamaugwiritsa ntchito, kumanga kumapambana. Mukaugoneka, thupi limaona kuti ukungodya zaulere, ndiye limangogumula."

"Aaa! Si inu nomwe munati ndiupumitse?"

"Tinati muzigwedeza zala, muziyendako ndi ndodo."

"Ine ndikati kupuma, ndimapuma zenizeni," anatero bamboyo akudziguguda pachifuwa. "Ngakhale chala sichinagwedezeke. Kubafa ankachita kundinyamula alamu anga."

"Ndiye alamu anuwo akatumba awo akula."

Bamboyo anawomba m'manja. "Eyaa! Ndinaziona ine! Mikono yachita kufufuma! Kani mnofu wanga uli kwa alamu?"

"Ayi, mnofu sudumphira munthu wina. Umenewo ndi wawo."

"Nanga wanga uli kuti?"

"Thupi linauphwanya tizidutswa tomwe tinalowa m'magazi. Tina linagwiritsa ntchito kwina, tina linawotcha kuti mupeze mphamvu. Zotsala zinatuluka ndi mkodzo."

Bamboyo anayang'ana mwendo, kenako namwino, kenako mwendo.

"Mukutanthauza kuti mwendo wanga ndinaukodza?"

"Pang'onopang'ono."

"N'kumathirako madzi ndi dzanja langali! Inu, bwezeranipo chikhakhacho msanga, wotsalawu ungathawenso."

"Chikhakhacho ndiye chingaumalize."

"Chabwino, ndibayeni jakisoni wa mnofu. Wamkulu. Sindiopa."

"Kulibe. Muzidya mokwanira, muziyenda, kenako muyambe masitepe. Pakatha miyezi ingapo ubwerera."

"Miyezi?" Apa mantha anamugwira ndithu bamboyo. "Firiji ndi Lolemba, mayi! Ntchito ikatha, ana anga ndiwauza chiyani? Kuti bambo awo anathera kuchimbudzi?"

"Ndikulemberani kalata yoti muyambe ndi katundu wopepuka."

"Bwana wanga kalata amakupizira mphepo."

"Imeneyo ndi ntchito inanso ya kalata," anavomereza namwino, n'kuyamba kulemba.

Basi bamboyo anakwiya. Anadziponya chagada pabedi, anapinda manja, n'kutseka maso.

"Ndinabwera muno ndi mwendo wathunthu. Sindichoka mpaka mnofu wanga upezeke. Kaya sabata, kaya mwezi, ndigona pompano. Kaitaneni akuluakulu."

"Gonani, bedi lilipo," anatero namwino akumufunditsa bulangete bwinobwino. "Kungoti mukagona sabata, wakumanjawu nawonso uyamba."

Diso limodzi linatseguka. "Uyamba chiyani?"

"Kutuluka. Kenako mikono, kenako msana."

"Panopa wayamba?"

Namwino anayang'ana wotchi. "Mwagona mphindi ziwiri. Mwina pang'ono."

Bulangete linauluka. Bamboyo anatsomphola ndodo zake, n'kutulukira pakhomo akutsimphina, liwiro lomwe alamu ake sanalionepo miyezi iwiri yonse. Namwino anamuthamangira ndi kalata ija.

"Bambo, pang'onopang'ono, mugwa! Khomo lotulukira ndi kutsogolo. Ngati mwapanikizika, chimbudzi chili kumanja kwanuko."

Bamboyo sanacheuke n'komwe.

"Kumeneko ndiye ayi, mayi! Wotsalawu ndikafika nawo Lolemba!"