Chithunzi cha pa Holo ya Kunyanja

Mu 1992, ndili pamzere wa matekisi ku Joni mwana ali kumsana, abambo ena anatulutsa chithunzi n'kuonetsa amayi ena amene anawamva akulankhula Chichewa.

"Mayi, ndathedwa nzeru. Ndinajambulitsa panyumba iyi abwana atanditenga kunyanja ya mchere, n'kuwauza akazi anga kumudzi kuti ndimakhala m'menemu. Akufika Loweruka."

"Imeneyitu ndi holo ya tauni, ndinakolopamo ine. Kale inali khoti, kenako azungu ankavinamo dansi, pano amabayiramo agalu katemera."

"Ndiye ndikawaonetsa chiyani?"

"Mupite nawo ku City Hall ya konkuno, nayonso ili ndi wotchi pamwamba. Muwauze kuti makiyi achoka nawo alonda."

"Nanga nyanja ikuoneka kumbuyoyi?"

"Abambo, chilala cha chaka chino ndani sakuchidziwa? Muwauze kuti inaphwa."