Anati nditchule mwamuna kuti mwana ayamwe

Abusa, akulu a mpingo, amai ndi atate, monile mose. Aleluya!

Ndikufuna kuchitila umboni. Koma ndineneletu, lelo sindinabwele ndi mau ozuna. Mtima ukali kuwawa.

Mwana ali kumsanayu ndi wanga woyamba. Mukukumbuka chaka chatha cha chilala, tikudya ufa wa yelo uja, amuna anga anapita ku Chipata kukagwila ganyu. Ankabwela mwezi ukatha, kugona masiku awili, n'kubwelela. Mimba itaoneka, ena anayamba kuwelenga miyezi pa zala. Ndinamva, koma ndinati alekeni, pakamwa m'pao.

Ndinachila bwino kukiliniki. Tsiku lachitatu tili kunyumba, mabele anatupa, gwa ngati mapapaya aawisi. Mwana akati agwile, kukamwa kumangotelela. Iye kulila, ine kulila. Ndine mwana, palibe anandiuzapo kuti zimatelo.

Apongozi anaitana amai anai. Anayala mphasa kuseli kwa nkhokwe, anandikhazika pakati, mwana anandilanda. Anati, "Kwathu kuno khanda likakana bele, ndiye kuti amake anayenda ndi mwamuna wina. Yowoya, lankhula! Mutchule, mwana ayamwe."

Abale, nditchule ndani? Ndinati palibe. Anati ndine wouma mutu. Ndinalumbila pa Baibulo, anati Baibulo usaliipitse. Anati bele langa mwana saliona mpaka nditaulula.

Masiku awili, abale! Masiku awili mwana wanga ali m'nyumba ya apongozi, akumupatsa madzi ndi kaphala pa supuni. Ine ndili tsidya lino la bwalo, mkaka ukungotayikila m'delesi, thupi likutentha. Ndinkamumva akulila. Tsiku lachiwili kulila kuja kunachepa, kunangotsala kamau. Ndinathamangila amuna anga, ndinawapeza akumata chubu cha njinga. Osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Zimenezo n'za azimai." Mwana wao akufota, iwo ali ndi chubu!

Tsopano imvani pamene Satana anandifikitsa. Ndinati bola ndiname, mwana andibwelele. Ndinayamba kusankha dzina. Ndinasankha atate aja a pachigayo, munthu wa ana asanu, amene sanandiuzepo china koposa kuti ikani thumba apo. Ndinatsala pang'ono kupasula banja la eni, ndi langa lomwe. Ndinagwada m'khichini, ndinati Yehova, ndisananame, chitanipo kanthu.

Masana omwewo anafika amai ena ogula nshawa, aja amakagulitsa kumsika wa Lundazi. Sapemphela kwathu kuno, ngakhale dzina lao sindilidziwa. Anangopempha madzi akumwa. Ataona delesi langa lonyowa anati, "Mwana ali kuti?" Ndinawauza zonse. Anaponya pansi mbale yao yopimila, analowa kwa apongozi osaodila, anatuluka ndi mwana. Liwombo litalowa, milomo itauma.

Anafunditsa madzi, anandithowa ndi nsalu, anayamba kundifinya. Ndinakuwa! Anafinya mpaka kunsonga kunafewa. Anati, "Bele langodzala ili, mwana alibe pogwila. Chigololo chake chili pati apa?" Anamugoneka mimba yake pa mimba yanga, anamusunthila pafupi. Mwana anakana kamodzi, kawili. Kachitatu anagwila. Abale, anagwila! Ndinamumva akumeza. Sindinatchule munthu, koma mwana anayamwa. Aleluya!

Amai a nshawa aja anauza apongozi kuti, "Mukanamupha mdzukulu wanu." Anatola mbale yao, anapita.

Lelo ndi miyezi isanu. Amene wandiuza kuti pepani palibe. Apongozi akumamunyamula, ati taonani makutu, atate ake enieni. Makutu amenewa tsiku lija analibe? Amuna anga anandigulila chitenje, ati nkhani yatha. Chitenje!

Ndipo mwa amai anai aja, atatu ali muno, avala bulauzi yoyela ya chigwilizano. Musatembenuke, sindiwatchula. Zotchula maina ndinakana kale pamphasa paja. Koma ndikuona atsikana apakati pabenchi apo. Mawa bele likatupa, nawonso mudzawayalila mphasa? Nonse munayamwitsa, nonse mukudziwa kufinya. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kundigwila bele n'kuona?

Abusa, zokhululuka ndikuyesa, koma sindinafike. Mundipemphelele. Chimene ndafika nacho ndi kuthokoza. Yewo, Yehova, munanditseka pakamwa ndisananame. Yewo, munatuma mlendo pamene abale anali chete.

Imvani, wadzuka. Akufuna bele, ndipo ndimupatsa pompano, nonse mukuona. Kondwelani nane, mpingo wa Mulungu, ombani m'manja! Koma nthungululu muyambe ndinu, amai a pamphasa paja. Munamumva akulila masiku awili, lelo mumve akumeza.