Jezi ya Number 54

Pa siteji ya basi ku Blanchardstown, bambo wina wa ku Malawi ankaimba chapansipansi nyimbo ya kwawo, akupinda jezi yatsopano ya mpira wa ku America. Mnyamata wa ku Zambia amene anaima pambali pake anaiyang'anitsitsa.

"Ba mudala, simunamve? Uyo number 54 bamuchosa mu timu lelo kuseni."

"Musandiseweretse, achimwene. Ndi mphatso ya mwana wanga iyi. Birthday yake ndi lero."

"Onani pa foni. Ndalama zake zinachulukisa, timu inadumpha cap."

"Cap ndiye chiyani? Timu yolemera chonchija ingalephere kulipira munthu mmodzi?"

"Uku si ku Premier League, mudala. Kuja timu iliyonse ili na malire yamozi ya malipilo. Mukafuna kugula banyowani season ikasila, muyamba mwachosa odula."

"Ndiye mwanayo akudziwa kale?"

"Ngati ni fan, anaziba pa seven."

"Mayo ine! Amakhala ndi mayi ake, ndimamuona kamodzi pa mwezi. Ndikamulankhula amangoti 'yeah, Dad', maso pa foni. Ndimati lero aone kuti zake ndimazitsatira."

"Kabwezeni ku shop."

"Nthawi ili kuti? Mayi ake andipatsa two hours basi."

"Ndiye basi yanu iyo yabwela."

"Mukutsikira pati?"

"Pafupi, ma stop yatatu chabe."

"Ayi, tikhale mpando umodzi, mukatsikire ku Ongar komwe ndikupita. Yambiraninso za cap zija, pang'onopang'ono. Akandiseka, ndikhale ndi choyankha."