Makilomita Makumi Atatu Otsala

Pa siteji ya basi, bambo wina wa imvi ankangotembenuza makiyi a galimoto m'manja. Mayi amene anaima naye pafupi analephera kuugwira mtima.

"Makiyi muli nawo koma mukudikira basi, achikulire?"

"Galimoto ili kunyumba, mayi. Ndinaigula yatsopano nditapuma pantchito. Ikangotentha imazima yokha pakati pa msewu, kagetsi kofiira n'kuyaka."

"Ibwezeni komwe munagula. Si ili ndi waranti?"

"Ndapitako kasanu. Ikafika pageti pawo imafatsa ngati mwana wamwano pamaso pa alendo. Wa tayi wina wa kumeneko amailumikiza ku kompyuta, amvekere, 'Bwana, kompyuta siikuona vuto. Kayendeni nayo, kagetsiko kakayakanso mubwere.'"

"Ndiye inu n'kumayenda nayo?"

"Ngati chitsiru. Palibe anandiuza kuti warantiyo imatha ndi makilomita. Ulendo uliwonse wopita kwa iwowo ndinkadzidyera ndekha makilomitawo."

"Kalanga ine! Nanga pano?"

"Dzulo kagetsi kaja kayakanso, ndipo sikakuzimanso. Umboni ndaupeza tsopano. Koma pa waranti patsala makilomita makumi atatu okha, pomwe kuchokera kwathu kukafika kwawoko ndi makumi anayi."

"Abwere okha adzainyamule pa lole, nanga!"

"N'zimene ndikukapempha. Koma pafoni andiyankha kale kuti lole amatumiza pokhapokha kompyuta yawo itaona vuto."

"Kompyutayo ili kuti?"

Bamboyo anaponya makiyi m'thumba la jekete.

"Ili komweko, mayi. Akuti siituluka mu ofesi."