Tsiku limene "wawa" sanali moni

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse. Inu eni dera lino, monire. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, ndipo sinditalikitsa. Onani bwino, ndaima. Umboni wanga wayambira pomwepo.

Chinali chaka chatha, cha 1960, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Mkazi wanga atamwalira kwathu ku Dowa, mwana wanga Yosefe, kalaliki wa boma kuno ku Mzuzu, anadzanditenga kuti ndizikhala naye. Iyenso anali atangosamutsidwira kuno, Chitumbuka asanayambe kuchimva.

Ine ndili mnyamata ndinayenda wapansi kuchoka ku Dowa mpaka ku Halale. Ukapitawo wa msewu ndinaugwira mpaka imvi. Miyala, matope, milatho ya mitengo, sindinagwepo. N'chifukwa chake Yosefe atandigulira ndodo ndinaiponya kuseri kwa chitseko. Ndinamuuza kuti ndodo ndi ya nkhalamba.

Koma nyumba za m'tauni si za kwathu. Kwathu amazira ndi dothi, phazi limagwira. Kuno ndi simenti, ndipo mpongozi wanga amapaka polishi wofiira pakhonde mpaka munthu kudziona nkhope. Sindikumudzudzula. Amayi onse a mumzere wathu amatero, amachita kupikisana. Onjezeranipo chifunga cha Mzuzu chonyowetsa chilichonsechi. Onjezeranipo nsapato zosalala kunsi, ndi maso anga amene ayamba kuona mbuu.

M'mawa wina mpongozi anali kumsika. Yosefe atangokwera njinga, ndinaona kuti waiwala jasi lake la mvula. Ndinadzuka pampando mofulumira kuti ndimuitane. Mutu unazungulira. Ndinaponda pa sitepe, phazi linachoka. Ndinangomva kuti thyo! m'chiuno, ndili pansi, magazi m'kamwa.

Sindinakuwe. Mwamuna wa msinkhu wanga sakuwa.

Amene anandiona ndi Nyachirwa wa nyumba yoyandikana nafe, uyo wakhala apoyo. Anayesa kundidzutsa, analephera. Anathamangira kumsewu kulondola njinga ija akufuula, "Ŵadada ŵawa! Ŵawa!"

Abale, mwana wanga ndinamulera bwino. Kwathu munthu akati wawa, ndi moni waulemu. Yosefe anachepetsa liwiro, anavula chipewa, nati, "Wawa mayi, zikomo," n'kupalasa kupita kuntchito. Ine ndinamva zonse ndili chigonere. Inenso ndinadabwa kuti mayiyu wandisiya pansi kukapereka moni?

Sekani, inu a kuno. Ine sindinaseke. Anzanga ochokera kwathu amene simunamve, ndikuuzeni: m'Chitumbuka, ŵawa ndiye kuti agwa.

Nyachirwa anabwerera, anandifunditsa nsalu yake, nati, "Pepani chomene, dada." Kenaka anauyamba wapansi mpaka ku ofesi. Kumeneko anayambanso mawu omwewo, Yosefe n'kuyambanso kuvomera. Mesenjala wina ndiye anati, "A kalaliki, si moni ameneyo. Akuti bambo anu agwa." Yosefe anafika kunyumba dzuwa litakwera, wopanda chipewa. Apo n'kuti ndikunjenjemera ndi kuzizira.

Kuchipatala anati fupa la ntchafu lathyoka cham'mwamba. Dokotala anauza Yosefe m'Chingerezi kuti mwina sindidzayendanso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma mawu amenewo ndinawamva.

Ndinkayesa ndagwa ndekha m'tauni muno. Ayi. Bedi la kumanja, mkulu wa ku Nkhata Bay, anaterereka pa ndere za m'bafa. La kumanzere, mkulu wina, anagwera m'ngalande ya pamsewu madzulo chifukwa cha maso. Kumbali ya amayi ankanenanso zomwezo. Palibe amene anagwa mumtengo. Tonse tinagwa pamene timaponda tsiku ndi tsiku. Wa ku Nkhata Bay uja chifuwa chinamugwira ali chigonere, sanatuluke wamoyo. Ndinaona bedi lake akuliyalula.

Tsiku limenelo ndinapemphera. Sindidziwa mapemphero ataliatali. Ndinati, "Ambuye, unyamata sindikuufuna. Ndipatseni mtunda wochoka pabedi pano kukafika m'nyumba yanu, pa miyendo yanga." Basi.

Mvula inayamba ndili pabedi, inatha ndili pabedi. Amayi a mpingo uno munabwera ndi phala ndi nyimbo, ndinakuonani. Kenaka ndinakhala tsonga. Kenaka ndinaima chogwira khoma. Tsiku lina Yosefe anabwera ndi ndodo ija, naiika pabedi. Ndinaiyang'ana. Ndinaitenga. Ndi iyi. Lero yandichotsa kunyumba ku Chiputula mpaka pano, palibe wandinyamula, palibe wandigwira dzanja.

Akulu anzanga, mukadzuka pampando muyambe mwaima kaye. Ndodo musaikane. Amayi amene mumakolopa m'tchalitchi muno, pa sitepe yapakhomopo polishi mulekepo, ndaponda ndamva. Ndipo inu anyamata a boma amene mwatumizidwa kuno, phunzirani chilankhulo cha anansi anu. Yosefe tsopano akamva wawa amatsika njinga n'kuyang'ana pansi.

Nyachirwa, yewo chomene, ndiye kuti zikomo kwambiri. Mawu amenewo ndawaphunzira chifukwa cha inu. Mulungu wanga, zikomo. Mpingo wonse, kondwerani nane, imbani mokweza, pakuti amene anati sadzayenda wayenda.

Zimene ndataya ndaziwerenga, ndi izi: mano awiri, buluku limodzi la kaki limene analing'amba kuchipatala, dzinja limodzi lathunthu, ndi utali wa chala chimodzi pa mwendo uwu. Zatha pamenepo. Amen.