Mayi Makumba Sadya

Olemekezeka oimira boma la Mecanhelas. Olemekezeka a Diretora a sukulu ino, Mayi Conceição. A Shehe ndi a Padiri, amene mwagawana benchi limodzi mwamtendere. Aphunzitsi, makolo, ndi inu ana, eni ake a tsikuli: landirani moni wanga.

Ndiyambe ndi chilengezo chachikulu. Lumo limene ndidulire nsalu ya pakhomo ndi la a Nasoro atelala, ndipo akulifuna dzuwa lisanafike pamutu, poti buluku la mkwati lili pa makina. Choncho ndilankhula mwachidule. Zimene inalephera yunivesite, kunditseka pakamwa, azitha a Nasoro.

Chipinda tikutsegulachi ndi choonera mavidiyo a pa intaneti. Malamulo ake ndawakonda: televizhoni yayang'ana kukhomo kuti aliyense wodutsa aone, mavidiyo amasankha aphunzitsi, ndipo pakona pali mpando wa kholo.

Sabata yatha tinayesa makinawa. Tinaitana a Bwanausi, amene anayamba kusodza pa nyanja ya Chiuta ine ndisanamere mano. Vidiyo inatilowetsa pansi pa madzi, osanyowa. Tinaona nsomba ya makumba itatsegula pakamwa, tiana tikutuluka ngati utsi, nkumadya pafupi. Kenaka mthunzi unadutsa pamwamba, tiana tonse thii kubwerera m'kamwa.

A Bwanausi anadzuka. "Iii, ikuwameza!"

Kamtsikana kena kanawakoka malaya. "Khalani pansi agogo, ikuwabisa."

A Bwanausi anavula chisoti. Anati mazira m'kamwa mwa makumba anawapezapo kambirimbiri pa ukonde, koma mayi akuitana ana ake, maso awo anali asanaonepo. Wofotokoza mu vidiyomo atanena kuti nthawi yonse imene ana ali m'kamwa mayiyo sadya, mkuluyu anangoti, "Nchifukwa chake mimba zake zimakhala zopanda kanthu." Ine ndi madipuloma anga ndinali kukamwa yasa, ngati makumba yemweyo. Abale, takhala m'mbali mwa nyanjayi mibadwo yonse, ndipo galasi la televizhoni loyendera mphamvu ya dzuwa latisonyeza zimene madzi ankatibisira. Chimenechi nchodabwitsa, tisachizolowere msanga.

Koma galasi lomweli lili ndi msuweni wake m'matumba mwathu. Ndaona abambo ena mwagwira thumba. Musaope, a Shehe safufuza lero.

Ndili ndi mwana wamkazi, Husna, wa kalasi yachiwiri. Tsiku lina masana ankaonera nyimbo yowerenga manambala pa foni, pakhonde. Nyimbo itatha, foni inadzisankhira yotsatira, monga imachitira: gulu la anthu likumenya munthu pamsika wina. Ndinathamanga nditamva kuti nyimbo yasanduka kukuwa. Ndinapeza mwana ali duu, foni ili m'manja.

"Ababa, adzuka?"

Ndinamuchotsera foni m'manja.

Ambiri pano mukukumbukira ulendo wa ku Malawi nthawi ya nkhondo. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi. Paliponse pamene panali zosayenera maso a mwana, amayi ankandiphimba kumutu ndi kapulana, chitenje chawo choberekera, iwo nkumayenda akuona zonse. Tinabwerera, tinalima, tinamanga. Lero zimene kapulana inandibisira zafika pakhonde langa, popanda mfuti, popanda kugogoda.

Sindikuti titaye mafoni mu Chiuta. Nsomba zatilakwira chiyani? Makumba satsekera ana m'kamwa mpaka kukalamba. Amawatulutsa adye, aone dziko, koma iye amakhala pomwepo, diso lili pa mthunzi.

Nchifukwa chake chinthu chodula m'chipindamu si televizhoni. Ndi mpando uja. Udzafuna mayi asiye nsomba pa thandala, bambo asiye njinga ndi kasitomala. Kwathu ndinayamba kale kukhala pa mpando wotere. Bawo ndinasiya, anzanga akuti ndinalodzedwa, ndipo nyimbo ya manambala ndikuidziwa kuposa ya fuko. Sekani, nzoona.

Chimene sindiseka ndi ichi. Husna sadutsabe pamsika wathu wa Insaca. Timazungulira njira ya kuseri. Nthawi zina, tili phee, amafunsabe ngati munthu uja anadzuka. Makina onse ali m'chipindamu alibe yankho, inenso ndilibe. Ndimangomugwira dzanja.

A Nasoro, lumo lanu likubwera. M'dzina la ana awa, ndikulengeza kuti chipindachi chatsegulidwa, ndipo mpando uja ukudikira.

Zikomo kwambiri.